Chigumu Chofiira cha Dokotala Chikalimba

M'dziko la Zilibwino, lomwe simungalipeze pamapu ngakhale mutabwereka mandala a abusa, munali lamulo lakalekale loti maso a mfumu asamatope. Choncho Mfumu Sindifunsa Yachiwiri sinkawerenga kalata kapena lipoti lililonse. Sikuti sinkadziwa kuwerenga ayi, ndipo munthu amene anayerekeza kufunsa zimenezo akuweta nkhanga zachifumu ku Chiiwalike mpaka lero. Nkhani inali yoti powerenga munthu amaweramitsa mutu, pamene mutu wa mfumu suwerama. Zonse zopita kunyumba yachifumu zinkapita zili zithunzi. Nduna ya Zaulimi inkajambula nkhokwe zodzaza, ya Zamisewu inkajambula msewu wopanda dzenje ngakhale limodzi, mfumu n'kumagona tulo tabwino.

Ku Yunivesite ya Gwadani, yomwe inali yokhayo m'dzikomo, kunali mwambo woti chaka chikamatha ophunzira azilemba pa timapepala mmene aphunzitsi awo aphunzitsira, osalembapo dzina. Timapepalato ankatilonga m'matumba a feteleza n'kukatitsekera m'kachipinda kuseri kwa laibulale, kumene chiswe chinkatiwerenga mwakhama. Pa aphunzitsi onse, amene ankapita kukapempha thumba lawo anali Dokotala Fanuwelo Chikalimba okha, a maphunziro a nthaka, bambo amfupi a nsapato zamatope, amene akafika pamunda ankayamba kununkhiza dothi asanapereke moni kwa mwini wake. Iwowa ankawerenga kapepala kalikonse, chaka chotsatira n'kusintha kaphunzitsidwe kawo. Aphunzitsi anzawo ankati ndi matenda, ndipo ankawamvera chisoni.

Ndiye kunatulukira Enelesi Kadzuwa ndi kompyuta yake. Enelesi ankagwira ntchito ku Ofesi Yoona za Kaphunzitsidwe, ofesi imene kwa zaka zambiri ntchito yake yaikulu inali kuwiritsa tiyi. Anapita kunja miyezi itatu kukaphunzira luso losandutsa mawu kukhala zithunzi, ndipo anabwerako ali moto. Anatulutsa matumba onse, kukutumula chiswe, n'kulowetsa ndemanga zikwi zinayi m'kompyuta, imodziimodzi mpaka zala kutupa. Kompyutayo inkapatsa mphunzitsi aliyense chithunzi chozungulira chodulidwa magawo ngati chigumu, gawo lobiriwira la mawu oyamika, gawo lofiira la madandaulo. Pambali pake inkajambula mtambo wa mawu, mmene liwu lolembedwa kawirikawiri linkatuluka lonenepa, lolembedwa kamodzi n'kutuluka lowonda. Tisabise, Enelesi ankazinyadira zithunzi zakezo. Mumtima mwake ankati tsopano akuluakulu amva zimene ophunzira akhala akunena zaka zonsezi.

Mbiri sinachedwe kufika kunyumba yachifumu, ndipo mfumu inali ndi chifukwa chofunira kuona, pakuti nayonso inali mphunzitsi. Lolemba lililonse inkaphunzitsa phunziro lokakamiza lotchedwa Mbiri ya Ine. Ikatanganidwa inkatumiza ndodo yake, asilikali n'kuikhazika pampando kutsogolo kwa holo, ophunzira n'kukhala nayo maola awiri akulemba manotsi.

Lachinayi m'mawa Enelesi anaimika pulojekita yake m'bwalo la nduna. Amene anamuperekeza kutsogolo anali a Ndizomwezo, Nduna ya Maphunziro ndi Kuwomba M'manja, munthu amene zikhatho zake zinali zitauma gwa chifukwa cha ntchito.

"Mwini dziko ndi mpweya wake," anatero a Ndizomwezo atagwada, "mtsikanayu wakubweretserani mitima ya ophunzira anu onse, yophikaphika, yosafuna kutafuna."

Chithunzi choyamba chinali cha mfumu. Chigumu chinatuluka chobiriwira chonse, popanda ndi kadontho komwe kofiira. Mumtambo munali mawu anayi okha, onenepa mpaka kudzaza khoma: ZONSE ZILI BWINO, ZIKOMO. Nduna zinawomba m'manja mpaka nkhunda kuthawa padenga.

"Nanga ndodo yanga?" inafunsa mfumu.

"Nayonso ndi yobiriwira, mfumu yanga," anayankha Enelesi, ndipo sankanama.

Chotsatira chinali cha Pulofesa Ndikubwera, amene anapita kumsonkhano kunja zaka zitatu zapitazo ndipo anali asanabwerere. Chobiriwira biriwiri, mawu ake anayi omwe aja. Mfumu inalamula pomwepo kuti akwezedwe pantchito, ndipo uthenga ukawapeze kulikonse kumene ali. Zithunzi zinapitirira kudutsa, zobiriwira zokhazokha, china chokhala ndi kamzere kofiira kowonda, nduna zikuwomba, mfumu ikugwedezera mutu.

Kenako chinatuluka cha Dokotala Chikalimba. Enelesi anali atachiona kale kuofesi, ndipo kwa iye chinali chithunzi chokoma kuposa zonse, chifukwa ndi chokhacho chimene munthu akanaphunzirapo kanthu. Chimene anaiwala n'chakuti lero ochiona anali ndani. Chigumu chinali chofiira psuu, kobiriwira kali kachidutswa kosakwana kulawitsa mwana. Mumtambo munadzaza mawu mazanamazana opanikizana: mofulumira, bolodi, zitsanzo, kumunda, makasu, chipinda, bwerezani.

Nduna zinasiya kuwomba m'manja.

"Ichi n'chiyani?" inafunsa mfumu. "Linthumbu lalowa m'makina?"

Enelesi anayankha, "Ndi madandaulo, mfumu yanga. Ophunzira a Dokotala Chikalimba amalemba zambiri. Ena akuti aphunzitsiwo amalankhula mofulumira, ena akuti amafufuta bolodi msanga, ena akufuna kuti azipita kumunda kawiri pasabata osati kamodzi. Wina walemba masamba atatu. Koma mfumu yanga, mukaonetsetsa bwino..."

"Masamba atatu!" anakuwa a Ndizomwezo, manja ali pamutu. "M'dziko la Zilibwino lomwe lino? Munthu ameneyu akuphunzitsa ana kudandaula! Lero adandaula bolodi, mawa adandaula msewu, mkuja adandaula..." Anayang'ana mfumu, mawu otsalawo n'kuwameza.

Mfumu inaimirira, nduna zonse n'kugwada kuti pasapezeke woitalikira.

"Mverani! Kuyambira lero, mphunzitsi aliyense wofiira kupitirira theka achotsedwe ntchito, akawete nkhanga ku Chiiwalike. Ndiponso mtundu wofiira uchotsedwe pa maloboti onse a mumsewu, chifukwa ukuimitsa chitukuko."

Mphunzitsi wofiira kupitirira theka analipo mmodzi yekha, ndipo Enelesi ankamudziwa bwino. A Chikalimba ndi amene anamuphunzitsa iyeyo. Ali m'chaka chachiwiri anawalembera kapepala koti zolemba zawo pabolodi zimaoneka ngati papalasa nkhuku. Chaka chotsatira bambowo anaima m'kalasi n'kunena kuti amene analemba za nkhuku uja ananena zoona, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankalemba zilembo zikuluzikulu ngati za sitandade wanu. Ngakhale kalata yomutumiza kunja kukaphunzira zithunzi zomwezi anasaina ndi iwowo. Bambowo anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito, mawondo anali atayamba kuwavuta, ndipo ku Chiiwalike kunalibe munthu amene anapitako n'kubwerako.

"Mfumu yanga, pepani, ndili ndi chithunzi china," anatero Enelesi. Pakhoma panatuluka mizati yondondozana. "Mizati iyi ikuonetsa kuchuluka kwa zimene ophunzira analembera mphunzitsi aliyense. Munthu salemba masamba atatu kwa munthu amene sakumusamala. Taonani, mzati wa a Chikalimba ndi wautali kuposa yonse."

"Kuposa wanga?" inafunsa mfumu pang'onopang'ono.

Enelesi anazimitsa pulojekita msangamsanga. Choona chinali chitamukana, ndiye anatola bodza loyamba limene linamufikira pakamwa.

"Ndakumbukira, mfumu yanga. Ana a kalasi imeneyi analemba asanadye nkhomaliro."

Apa mfumu inakhala pansi n'kuganiza. Njala inkaidziwa bwino, chifukwa inkakumana nayo tsiku lililonse kwa mphindi khumi, ophika akachedwa kuika mbale patebulo.

"Wanjala saweruza mlandu," inatero. "Alembenso Lachinayi likudzali, atakhuta. Chigumu chikafiiranso, Chikalimbayo nkhanga zikumudikira."

Nduna zinawomba m'manja chifukwa cha chifundo cha mfumu, ndipo Enelesi ananyamula katundu wake n'kutuluka thukuta lili kamukamu.

Pofika ku Msika wa Manong'onong'o masana omwewo, anapeza nkhani yamutsogolera. Pamphambano maloboti onse anali atabiriwira mbali zinayi, galimoto zonse zili ndi ufulu wopita, choncho panalibe imene inkayenda. Mumsika amayi ogulitsa tomato anali atafunditsa milu yawo masamba a mpiru, poti sizidziwika kuti lamulo lithera pati. Enelesi anaima pabenchi la Anagama, mmodzi wa amayiwo, kumene ankagula masiku onse.

"Ndinu asisi mwafiiritsa a Chikalimba aja?" anafunsa Anagama, osamupatsa ndi moni womwe. "Bambo amene anabwera kudimba kwathu kudzatiuza chimene chikudwalitsa tomato?"

"Si ine mayi, ndi kompyuta."

"Kompyutayo inakulira kuti? Kwawoko kulibe akuluakulu?" Anagama anakonza chitenje n'kutsamira benchi. "Ine pamsika pano ndatha zaka makumi awiri. Kasitomala akafika n'kunena kuti, 'Anagama, tomato wa dzulo uja anali wamadzi, mwayamba zotani kodi?' ameneyo ndi wanga, mawa abweranso. Koma wina akagwira tomato n'kumati, 'Eee, koma ndiye wokongola, ndibweranso,' ameneyo ndimangomutsanzika, sindidzamuonanso. Kuno kwathu munthu umadandaulira amene ali ndi makutu. Wopanda makutu umamuwombera m'manja kuti adutse msanga."

"Zoona zimenezo," analowererapo bambo wina wokhoma zidebe pafupi, osadzutsa mutu. "Ine apongozi anga ndi obiriwira kuyambira tsiku la chinkhoswe."

Msika unaseka, koma Enelesi manyazi anamugwira. Zimenezi ankazidziwa chibadwire, monga mwana aliyense wa m'Zilibwino. Mayi ake omwe sanadandaulirepo mlendo, koma malume ake okondedwa ankawalalatira kuyambira pageti. Kungoti polowetsa ndemanga zija m'kompyuta sanaganize zoti makina ochokera kunja amatenga zikomo aliyense ngati wochokera pansi pa mtima.

Pamenepo mtsikana wina amene ankagula bonya pabenchi loyandikana anatembenuka. Anali Elube, wa chaka chachitatu, amene ankayankhulira ophunzira a kalasi ya nthaka.

"Madamu, masamba atatu aja ndinalemba ndine," anatero maso ali gwa. "Ndipo ndinasiya chifukwa pepala linatha. Tikapanda kuwauza a Chikalimba, tiuze ndani? Ndodo? Mawa lomwe tilemba kalata kwa mfumu, tonse tisaina, tifotokoze kuti mphunzitsi weniweni payunivesite yonse ndi iwowo."

"Kalatayo awerenga ndani?" anafunsa Enelesi.



"Ndiye titani, madamu?"

Enelesi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu monga dzina la msika linkafunira.

"Lachinayi mukawalembere zimene mumalembera ndodo."

"A Chikalimba? Ngati ndodo?"

"Ngati mukufuna kuti chaka chamawa mudzawaone m'kalasi."

Elube anafinya kapepala ka bonya m'manja. Anagama ndi amene anamaliza nkhaniyo.

"Chitani zimenezo, ana inu. Koma bambowo asamve. Ndimawadziwa, akangomva apita okha kwa mfumu kukafunsa njira ya kunkhanga."

Mwayi unali woti sabata imeneyo a Chikalimba anali kuminda yoyeserera kuseri kwa mapiri, kumene foni siigwira, akukumba maenje ndi kulonga dothi m'timabotolo. Dziko lonse linkakamba za iwo, eni ake ali kalikiliki kukangana ndi nyongolotsi.

Lachinayi litafika, boma linaphikira kalasi ya nthaka mpunga wa nkhuku, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire yunivesite, moti ophunzira a makalasi ena anayamba kufunsana kuti kodi munthu amadandaula bwanji. A Ndizomwezo anayendera mbale iliyonse kuonetsetsa kuti palibe wotsala ndi njala. Atakhuta, ophunzira zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu analandira timapepala. Zaka zonse kalasi imeneyi inkatha ola lathunthu ikulemba, ena kupempha mapepala owonjezera. Tsiku limenelo inatha mphindi ziwiri. Elube anali womaliza kupereka, ndipo popereka sanamuyang'ane Enelesi kumaso.

Madzulo a tsiku lomwelo chigumu cha Dokotala Chikalimba chinawala pakhoma la bwalo la nduna, chobiriwira chonse, mawu anayi onenepa ali pambali pake. Mfumu inasangalala kwambiri, makamaka chifukwa nzeru ya mpunga inali yake.

"Mwaona? Dziko lino mulibe madandaulo, muli njala ya masana basi. Mverani! Munthu ameneyu apatsidwe mendulo ya Mphunzitsi Wolapa. Mapepala oyamba aja atenthedwe, analembedwa ndi mimba. Mtsikanayu akhale Wojambula Wamkulu wa Mitima ya Anthu, ndipo zithunzi zimenezi azindibweretsera chaka chilichonse. Lamulo la nkhanga likhalepobe, kuti ena atengerepo phunziro."

A Ndizomwezo anawomba m'manja mpaka chikhatho china kung'ambika, ndipo anatentha okha thumba la mapepala oyamba lija kuseri kwa nyumba yachifumu. Enelesi anatuluka mtima uli m'malo. Anali atapulumutsa mphunzitsi wake, ndipo panjira anadzigulira botolo la zoziziritsa kukhosi.

A Chikalimba anabwerako Loweruka, n'kupeza mendulo ikuwadikira pa desiki pamodzi ndi kalata yothokoza kuti alapa. Anaitembenuza uku ndi uku, osamvetsa kuti alapa chiyani, kenako anaitsamiritsa kukhoma kuti itchinge kabowo kamene mphemvu zinkatulukira. Lolemba m'mawa anagogoda pa ofesi ya Enelesi, nsapato zili matope.

"Enelesi, mwana wanga, ndamva kuti masiku ano timapepala timasungidwa kwa iwe. Tandipatsa tanga. Ndikufuna ndiyambe kukonza za chaka chamawa mvula isanagwe."

"Aphunzitsi, khalani pansi kaye, ndikuonetseni chithunzi chanu. Chatuluka bwino kwambiri."

"Chithunzi ukaonetse mfumu. Ine ndipatse zimene ana alemba."

Enelesi anatulutsa kamtolo komanga ndi labala, kochepa moti kakanalowa m'thumba la malaya. A Chikalimba anakayang'ana, n'kuyang'ananso pansi pa tebulo ngati pali kena. Kenako anavala mandala, kutulutsa pensulo ndi kabuku kawo kolembamo zofunika kusintha, n'kutsegula tsamba latsopano.

Anawerenga kapepala koyamba n'kukaika pambali. Kachiwiri anakatembenuza kuti aone kumbuyo, kunalibe kanthu. Kachitatu, kachinayi, kakhumi. Sanadumphe ngakhale kamodzi, chifukwa sanazolowere kudumpha. Enelesi anayatsa ketulo, kupukuta makapu amene anali oyera kale, kusuntha mpando n'kuubwezeranso pomwepo. Kangapo konse anafuna kuwauza zonse. Koma ankadziwa kuti akangowauza, bambowa anyamuka ndi mawondo awo omwewo kupita kunyumba yachifumu. Ankadziwanso chinthu china chimene pamsika paja sanachiganizire: lamulo likadalipo, chithunzi chidzafunikanso chaka chamawa, ndipo kamtolo ka chaka chamawa kadzakhala konga komweka. Chisoni chinamugwira, cha mtundu umene munthu sungachifotokozere mnzako chifukwa aliyense akukuyamikira.

Chapakatikati a Chikalimba anaima pa kapepala kena, n'kukayandikitsa kumaso.

"Uyu ndimamudziwa kalembedwe kake," anatero. "Dzina sindilidziwa, koma chaka chatha anandilembera masamba awiri, anandikalipira za makasu osakwana. Ndinakapempha makasu khumi chifukwa cha iyeyu." Anawerenganso mawu anayi aja, milomo ikuyenda. "Kapena akudwala?"

"Ali bwino, aphunzitsi."

Anapitiriza mpaka kapepala komaliza. Tiyi anazizira pambali pawo osamukhudza. Tsamba la m'kabuku kaja linali loyera monga analitsegulira. Anabweza pensulo m'thumba, kuvula mandala, n'kukhala kanthawi akuyang'ana kamtoloko. Polankhula, mawu awo anali otsika, a munthu amene akufunadi kudziwa.

"Enelesi, iwe unakhalapo m'kalasi mwanga, sungandinamize. Ana amenewa ndawalakwira chiyani kuti ayambe kundilemekeza?"